Chikombole Chobwereka: Za Kaphunzitsidwe ka Chichewa pakati pa Maphunziro a Zaumunthu

1. Chiyambi

M'pepala lino tifuna kuunika malo amene phunziro la Chichewa lili nawo pakati pa maphunziro a zaumunthu m'sukulu za sekondale ndi m'makoleji a m'Malaŵi muno. Tikati maphunziro a zaumunthu tikunena maphunziro aja amene mutu wake ndi munthu mwini: mbiri yakale, zolembalemba, ziyankhulo, chipembedzo ndi nzeru za kaganizidwe. Maphunziro amenewa amasiyana ndi masamu pa chinthu chimodzi chachikulu. Wophunzira masamu angathe kufika pa yankho lolondola ngakhale chiyankhulo cha mphunzitsi akuchimva mwapatalipatali, popeza manambala ndi zizindikiro zimamunyamula. Koma wophunzira mbiri yakale alibe chida china koma mawu okha. Ayenera kuwerenga umboni, kuukayikira, kuuyerekeza ndi umboni wina, ndi kumanga mfundo yake imene mnzake angathe kuitsutsa. Ntchito yonseyi imachitika m'chiyankhulo, ndipo munthu amene chiyankhulocho sadachigwire bwino sangaichite. Chimene angathe ndi kuloweza.

Mfundo yathu ndi yakuti, popeza pafupifupi maphunziro onse a ku sekondale amaphunzitsidwa m'Chingerezi, kalasi ya Chichewa ndiyo malo okhawo m'sukulu yonse mmene ana ambiri akadaphunzirira kutsutsana mwadongosolo m'chiyankhulo chimene amachidziwa kufikira kumizu. Koma malo amenewa adadzazidwa ndi ntchito ziwiri zosafuna kuganiza: kutchula mayina a mitundu ya mawu potsata chikombole cha galamala ya Chingerezi, ndi kusaka "phunziro" m'nkhani iliyonse imene mwana wawerenga.

2. Mmene zidafikira pamenepa

Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress Party wa m'chaka cha 1968 udagamula kuti chiyankhulo chimene chinkatchedwa Chinyanja chizitchedwa Chichewa, ndi kuti chikhale chiyankhulo cha fuko, chogwira ntchito za boma pamodzi ndi Chingerezi. Chitumbuka, chimene chidali ndi malo ake m'sukulu za kumpoto ndi pa wailesi, chidachotsedwa. Mu 1972 padakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board, limene lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Bungweli lidapatsidwanso ntchito yolemba mtanthauziramawu, koma buku lotero lidadzatuluka mu 2000, kuchokera ku Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene idalowa m'malo mwa bungwelo mu 1996. M'chaka chomwecho cha 1996 unduna wa zamaphunziro udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'ziyankhulo za makolo awo. Lamulo la zamaphunziro la 2013 lidatembenuza zimenezi ponena kuti chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, ndipo mu 2014 unduna udalengeza kuti zimenezi ziyambira pa Sitandade 1.

Owerenga pepala lino mbiriyi akuidziwa bwino. Taikumbutsa kuti chioneke chinthu chimodzi: mikangano yonseyi yakhala ya makalasi oyambirira a ku pulayimale. Za ku sekondale atsamunda, boma la chipani chimodzi ndi maboma a zipani zambiri, onse adagwirizana mwakachetechete kuti nkhani zolemera zizikambidwa m'Chingerezi. Satifiketi ya MSCE saipereka kwa munthu amene walephera Chingerezi, ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse. Amene walephera Chichewa koma wakhoza ena okwanira, satifiketi amalandira. Ana si opusa. Amadziwa kuwerenga mtengo wa phunziro pa malamulo a mayeso.

Dr. H. Kamuzu Banda, ali wophunzira ku Chicago, ndiye adathandiza Mark Hanna Watkins kulemba galamala ya Chichewa imene idatuluka mu 1937, ndipo atakhala mtsogoleri wa dziko ankakonda kukonza Chichewa cha anthu poyera. Koma pamene adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, sukulu imene idayenera kuonetsa maphunziro apamwamba, malo aulemu adapatsidwa kwa Chilatini ndi Chigiriki, ndipo Chichewa chidatsala kunja. Sitikunena izi monyoza Chilatini. Tikunena kuti m'maganizo a nthawi imeneyo, amene sadatherepo mpaka lero, Chichewa chidali chuma chosunga m'nkhokwe kuti chisafumbwe, pamene khasu logwirira ntchito ya nzeru lidali chiyankhulo cha ku Ulaya.

3. Galamala ya m'sukulu

Mabuku oyamba ofotokoza chiyankhulo chathu adalembedwa ndi amishoni, monga David Clement Scott, amene mtanthauziramawu wake wa Chimang'anja udatuluka mu 1892, ndi Alexander Hetherwick, amene adaukonzanso mu 1929. Anthu amenewa ankalembera azungu anzawo ofuna kuphunzira chiyankhulo chachilendo, motero kudali koyenera kuti achifotokoze poyambira pa zimene owerengawo ankadziwa kale, ndiyo galamala ya Chingerezi ndi ya Chilatini. Vuto lidadza pamene chikombole chomwecho chidamasuliridwa m'Chichewa ndi kuperekedwa kwa ana amene chiyankhulocho adayamwira.

Tiyenera kunena mosabisa kuti amene adapeka mawu akuti dzina, mneni, mfotokozi, muonjezi, mlowam'malo, mperekezi, mlumikizi ndi mfuwu adali amisiri. Mawuwa ndi omveka, ndipo akhazikika. Koma mitundu isanu ndi itatu imeneyi ndi ya m'mabuku a galamala ya Chingerezi, ndipo muzu wake uli m'galamala ya Chigiriki imene imatchulidwa ndi dzina la Dionysius Thrax. Chochititsa chidwi n'chakuti Aroma, polandira chikombolechi kwa Agiriki, adachisema kuti chiyenere chiyankhulo chawo. Chilatini chilibe kamawu kotsogolera dzina konga kaja ka Chingerezi kakuti "the", motero alembi a galamala a Chilatini adachotsa mtundu umenewo, naika mfuwu m'malo mwake. Ife tidalandira chikombole chathunthu, ndipo pamene dothi lathu lakana kulowa, timadula dothilo.

Taonani mfotokozi. Mwana amauzidwa kuti m'mawu akuti munthu wamkulu, munthu wanzeru ndi munthu wokongola muli afotokozi atatu, ndipo nkhani imathera pomwepo. Koma atatuwa sadapangidwe mofanana. Matsinde enieni ofotokoza dzina ndi owerengeka m'Chichewa, monga -kulu, -ng'ono, -tali, -fupi ndi -wisi, ndipo amadziwika chifukwa amatenga mgwirizanitsi kawiri: cha-chi-kulu, za-zi-tali, ya-i-wisi. Mawu akuti wanzeru ndi dzina loti nzeru lolumikizidwa ndi -a yemwe uja wa m'mawu akuti mwana wa mfumu. Mawu akuti wokongola achokera ku wa ndi kukongola, ndiye kuti mkati mwake muli mneni. Apa pali chinthu chokoma chimene mwana akadachitulukira yekha, chakuti ntchito imene Chingerezi chimagwira ndi mawu zikwizikwi a mtundu umodzi, Chichewa chimaigwira ndi njira zitatu zosiyana. Dzina limodzi loti mfotokozi limakwirira zonsezi.

Nkhani ya mperekezi ndi yoposa pamenepa. Mabuku a m'sukulu amaika pa-, ku- ndi mu- pakati pa magulu a mayina pa tsamba lina, n'kudzawatchulanso aperekezi pa tsamba lina, osaima kufunsa ngati chinthu chimodzi chingakhale zonse ziwiri. Taonani ziganizo izi:

(1) Pamudzi pano pagwa maliro.
(2) Kumunda kwathu kwamera bowa.
(3) M'nkhokwe muja mwalowa makoswe.

M'chiganizo chachitatu, mneni sakugwirizana ndi makoswe, amene ndiwo alowa; akugwirizana ndi m'nkhokwe. Malo ndiwo akulamulira mneni, monga momwe mwininkhani aliyense amachitira. Mperekezi wa Chingerezi sangachite zimenezi. Kapangidwe ka ziganizo kotere ndiko Joan Bresnan ndi Jonni Kanerva adakafotokoza mu 1989, ndipo kadachititsa akatswiri a ziyankhulo m'maiko ambiri kuganizanso za tanthauzo la mwininkhani. Mwana wa ku Dowa amanena ziganizo zotere tsiku lililonse, koma pa mayeso amafunsidwa kuti atseke mzere kunsi kwa mperekezi.

Chimodzimodzinso dongosolo la mawu m'chiganizo. Ana amaphunzitsidwa kuti mwininkhani amayamba, mneni amatsatira, pamtherankhani amatsiriza, monga m'chiganizo chakuti mwana wathyola mpando. Koma tikangoika kachizindikiro ka pamtherankhani mkati mwa mneni, mawu amamasuka:

(4) Mpando mwana wauthyola.
(5) Wauthyola mpando mwana.
(6) Mwana mpando wauthyola.

Tikachotsa -u- uja, chiganizo chachinayi ndi chachisanu ndi chimodzi zimagwa. Bresnan ndi Sam Mchombo adasonyeza mu 1987 kuti kachizindikiroka kamagwira ntchito ya mlowam'malo, ndipo dzina limene kakuimira limasanduka mutu wa nkhani umene ungaime paliponse. Izi si za akatswiri okha ayi. Mlembi wa nkhani, mlaliki ndi nkhoswe pa bwalo, onse amasuntha mawu motere pofuna kutsindika, ndipo mwana amene wazindikira chifukwa chake wayamba kumvetsa chimene luso la kalembedwe lili.

Tingathe kuwonjeza zambiri. Kamvekedwe ka mawu, kokwera kapena kotsika, kamasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, khungu la pathupi ndi khungu la maso. Kamasiyanitsanso ndimathandiza wa masiku onse ndi ndimathandiza wa zimene zinkachitika posachedwa. Popeza kalembedwe kathu sikasonyeza zimenezi, ndipo Chingerezi chilibe, galamala ya m'sukulu imangodutsapo. Buku lathunthu la kamvekedwe ka Chichewa, la Laura Downing ndi Al Mtenje, lidatuluka mu 2017, ndipo la kapangidwe ka ziganizo, la Mchombo, mu 2004. Onse awiri ali m'Chingerezi, ndipo mtunda wochokera m'mabuku amenewa kufika m'kalasi ya Fomu 3 ndi wautali.

Pali malo amodzi pamene galamala ya m'sukulu idalimba mtima, ndipo tiyenera kuiyamikira. Mvekero, monga kuyera kuti mbee, kufiira kuti psuu, kukhala chete kuti zii, adapatsidwa dzina lake ndi malo ake, ngakhale kuti m'Chingerezi mulibe mtundu wotere. Clement Doke, amene adalimbikira kuti ziyankhulo za Chibantu zifotokozedwe potsata chibadwa chake, adakhazikitsa mtundu umenewu m'buku lake la 1935. Zimene zidatheka pa mvekero zikadathekanso pa zina.

Koma chodandaulitsa chenicheni si mayina olakwika chabe. N'chakuti galamala imaphunzitsidwa ngati chiphunzitso chotsirizika, pamene ikadakhala kafukufuku woyamba m'moyo wa mwana. Mphunzitsi atalemba pa bolodi mawu akuti phikira, gulira, mangira, lembera, gonera, n'kufunsa kuti n'chifukwa chiyani ena ali ndi -ir- pamene ena ali ndi -er-, ana angathe kupeza okha lamulo lake pasanathe theka la ola: -er- amatsata e ndi o, -ir- amatsata a, i ndi u. Akalipeza angathe kuliyesa pa -its- ndi -ets-, n'kuona kuti likugwiranso. Angafunsidwenso chifukwa chimene khutu limalandira kulembetsera koma limakana kulemberetsa. Apa mwana wasonkhanitsa umboni, wapanga lamulo, waliyesa, wasaka chimene chingaligwetse. Umboni wonse ali nawo m'kamwa mwake; safuna labotale ngakhale buku. Palibe phunziro lina m'sukulu zathu limene mwana wa kumudzi angayambe ali katswiri wa umboni kuposa buku.

M'malo mwake, mphamvu zambiri zatha pa kuweruza kuti cholondola n'chiti. Zimanenedwa kuti Dr. Banda adagamula kuti -da- ndiye woyenera pa nthawi yakale ndipo -na- ndi wolakwika, ndipo mibadwo ya ana idadulidwa malikisi pa chifukwa chimenechi. Funso lokoma, lakuti ndani amanena ndidapita, ndani amanena ndinapita, kuti, ndipo potanthauza chiyani, silidafunsidwe.

4. Zolembalemba

Tikafika pa mabuku a nkhani, ndakatulo ndi masewero, funso limene lazika mizu ndi lakuti: kodi m'nkhaniyi tikuphunziramo chiyani? Yankho limadziwika mwana asanatsegule buku. Kuba n'koipa, ulesi umadzetsa umphawi, mwana amvere makolo. Mwana amene waloweza mayina a atengambali ndi maphunziro asanu a mtundu umenewu angathe kukhoza bwino osawerenga bukulo mpaka kumapeto, ndipo ambiri amaterodi, pothandizidwa ndi timabuku ta manotsi.

Chizolowezichi chili ndi mbiri yake. Mabuku ambiri oyambirira a Chichewa adatuluka m'manja mwa mishoni ndi m'mabungwe osindikiza mabuku a sukulu, ndipo cholinga chake chidali kulangiza. Pambuyo pake padadza lamulo la 1968 lounika mabuku ndi zisangalalo, ndi bungwe lake loletsa. Jack Mapanje, mlakatuli ndi katswiri wa ziyankhulo amene ankatsogolera dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, adatsekeredwa popanda mlandu kuyambira 1987 mpaka 1991. M'nyengo yotere mphunzitsi wanzeru ankadziwa kuti funso la "phunziro" silingamupereke kwa apolisi, pamene funso lakuti mlembi akubisa chiyani lidali loopsa. Mantha adatha mu 1994, koma funso lija lidatsala.

Titenge chitsanzo cha buku la Nthondo la Samuel Josiah Ntara, limene lidatuluka mu 1933. Ntara adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Bukuli adalilemba pa mpikisano wa bungwe la ku London la International Institute of African Languages and Cultures, lidapambana, ndipo T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934 pa mutu wakuti Man of Africa. Limalondola moyo wa Mchewa mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kufa, kudzera m'zolakwa za paunyamata kufikira kutembenuka mtima. Wosaka "phunziro" amaliza ntchito yake ndi chiganizo chimodzi. Koma wowerenga amene waphunzitsidwa kufunsa ali ndi zambiri. Pamene mlembi akufotokoza mwambo umene Mchewa aliyense wa nthawiyo ankaudziwa, akuyankhula ndi yani? Mphunzitsi wa mishoni imene idalimbana ndi gule wamkulu akadatha kunena ziti za moyo wa kumudzi, ndipo akadasiya ziti? Kodi mphamvu ya kalembedwe ili m'mitu ya uchimo kapena m'mitu ya kulapa, ndipo zimenezi zikutiuza chiyani? Mafunso otere sachepetsa Ntara. Amamupatsa ulemu umene timapereka kwa Achebe m'kalasi ya Chingerezi, ulemu womuwerenga ngati munthu amene adasankha mawu ake ali pakati pa mphamvu zokokana. Buku la John Gwengwe la Kukula ndi Mwambo lingafunsidwe mofanana: mwambo ukalowa m'buku la sukulu, umakhalabe mwambo womwewo?

Miyambi nayo yachitidwa chimodzimodzi. Pa mayeso mwambi umaima wokha, ndipo mwana amasankha tanthauzo lake pa mayankho anayi. Koma pa bwalo la milandu mwambi ndi mfundo, ndipo umayankhidwa ndi mwambi unzake. Wina akati kuona maso a nkhono n'kudekha, wina amayankha kuti ndionetsetse adathetsa nkhosa. Yonse iwiri ndi yoona, ndipo luso lili pa kusonyeza kuti pa mlandu uno woyenera ndi uti. Makolo athu sadatisiyire mndandanda wa mayankho. Adatisiyira njira yotsutsirana. Sukulu idatenga mndandanda umene kudalibe, nitaya njira imene idalipo.

5. Mbiri yakale

Wina angafunse kuti zonsezi zikukhudza bwanji maphunziro ena a zaumunthu. Yankho likuoneka bwino pa mbiri yakale. Mwana wa ku sekondale amaphunzira za ufumu wa Amaravi m'Chingerezi, ndipo nthawi zambiri amaphunzira ngati mndandanda: zifukwa za kukula kwake, zifukwa za kugwa kwake, mayina a Kalonga, Undi ndi Lundu. Sauzidwa kuti zimenezi tidazidziwa bwanji. Komatu umboni waukulu wa mbiri imeneyi uli m'Chichewa. Ntara yemweyo adayenda kufunsa akuluakulu, nalemba Mbiri ya Achewa, imene idadzamasuliridwa m'Chingerezi mu 1973. Pambali pake pali zolemba za Apwitikizi, monga za ulendo wa Gaspar Bocarro wochokera ku Tete kupita ku Kilwa mu 1616, ndi za Antonio Gamitto, amene adadutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa pa ulendo wa kwa Kazembe wa 1831 ndi 1832. Kalasi imene yawerenga ndime ya Ntara m'Chichewa, n'kuiika pambali pa ndime ya mlendo wa Chipwitikizi, n'kufunsa kuti akugwirizana pati, akusiyana pati, ndipo aliyense adali ndi chifukwa chanji chonenera zimene adanena, yachita ntchito yeniyeni ya wolemba mbiri. Ana ena angathe kupita kwa agogo awo n'kubwera ndi mbiri yachitatu yotsutsa zonse ziwiri.

Mawu enieniwo ndi umboni. Nsapato, kalata, chipewa, kapitawo ndi malinyero adalowa m'chiyankhulo chathu kuchokera ku Chipwitikizi. Boma ndi chibaluwa adadzera ku Chiswahili. Joni, Wenela ndi matchona akusunga mbiri ya amuna amene adapita kumigodi ya kummwera. Mtanthauziramawu wakale wa Johannes Rebmann, umene udasindikizidwa mu 1877, udachokera m'kamwa mwa munthu wotchedwa Salimini, amene adagwidwa ukapolo m'dziko muno n'kukapezeka kufupi ndi Mombasa. Mphunzitsi wa Chichewa ndi mphunzitsi wa mbiri yakale ali ndi nkhokwe imodzi, koma ndondomeko ya maphunziro idawapatsa makiyi osiyana, ndipo wina adauzidwa kuti polowamo aziyankhula Chingerezi chokha.

Sitikunena kuti Chingerezi chichotsedwe. Mwana wa m'Malaŵi akuchifuna, ndipo makolo amene amachilirira ana awo sakulakwa. Tikunena kuti luso la kufunsa, kukayika ndi kumanga mfundo limaphunziridwa msanga m'chiyankhulo chimene munthu ali nacho ufulu, ndipo likagwidwa limawoloka kupita ku chiyankhulo china. Mwana amene sadatsutsepo buku m'Chichewa sadzayamba kulitsutsa m'Chingerezi, mmene chiganizo chilichonse akuchiopa.

6. Makoleji ndi okonza ndondomeko

Aphunzitsi a ku sekondale amachokera ku Yunivesite ya Malaŵi ku Zomba, imene mpaka 2021 inkatchedwa Chancellor College, ku Yunivesite ya Mzuzu, ku koleji ya Domasi ndi kwina. Kwa zaka zambiri maphunziro a kapangidwe ka Chichewa m'makoleji akhala akuperekedwa m'Chingerezi. Motero mphunzitsi watsopano amafika m'kalasi ali ndi nzeru ziwiri zosadziwana: za ku koleji, zimene angathe kuzifotokoza m'Chingerezi chokha, ndi za m'buku la sukulu, zimene zili m'Chichewa ndipo ndizo zidzafunsidwe pa mayeso. Sizidabwitsa kuti amasunga zoyambazo m'bokosi pamodzi ndi satifiketi yake. Ku Yunivesite ya Dar es Salaam, sayansi ya chiyankhulo cha Chiswahili ndi zolembalemba zake zimaphunzitsidwa m'Chiswahili momwemo, ndipo mawu ofotokozera adakula chifukwa aphunzitsi ndi ophunzira ankawafuna tsiku ndi tsiku.

Apa tafika pa chitsutso chimene timamva kawirikawiri, chakuti Chichewa chilibe mawu okwanira. Pa sayansi ya mankhwala chitsutsochi chili ndi kulemera kwake. Pa maphunziro a zaumunthu n'chopepuka. Chiyankhulo chimene chidanyamula kalata ya Paulo kwa Aroma m'Buku Lopatulika zaka zana zapitazo, chimene chimagamula milandu ya malo ndi ya ufumu ndi mawu onga umboni, mboni, chigamulo, kudandaula ndi kutsutsa, sichingalephere kukamba za zifukwa za kuwukira kwa John Chilembwe mu 1915. Mawu amene akusowa adzabadwa m'kalasi pamene anthu akuwafuna. Komiti ingathe kusankha pakati pa mawu amene ayamba kale kuyenda. Mndandanda wa mawu opekedwa mu ofesi, popanda phunziro lowagwiritsa ntchito, umafera m'kabati.

Chitsutso china n'cholemera, ndipo okonza ndondomeko sayenera kuchizemba. Kwa mwana wa ku Rumphi, ku Mangochi kapena ku Nsanje, Chichewa sichingakhale chiyankhulo cha kumizu, ndipo bala la 1968 silidapole ngakhale kuti Chitumbuka chidabwerera pa wailesi mu 1994. Kukulitsa malo a Chichewa osaganizira zimenezi kungakhale kubwereza cholakwa chakale. Koma kaphunzitsidwe kamene tikunena kamafuna ziyankhulo zambiri m'kalasi. Mwana wolankhula Chitumbuka kapena Chiyao akafunsidwa ngati m'chiyankhulo chake -ir- ndi -er- amasinthana chimodzimodzi, kapena ngati malo amalamulira mneni, amasanduka mboni yofunika, pamene m'galamala yoweruza cholondola ndi cholakwika amakhala wopalamula wa tsiku ndi tsiku.

Poyambira pake ndi pa mayeso, chifukwa mphunzitsi amaphunzitsa chimene MANEB idzafunse. Sipafunika lamulo latsopano la ziyankhulo kuti pa pepala la Chichewa pakhale funso lopereka ziganizo zisanu ndi chimodzi zimene mwana sadazionepo, n'kumupempha kuti apeze lamulo lake ndi kupereka chiganizo chimodzi chimene chingaligwetse. Kapena funso lopereka mbiri ziwiri zosagwirizana za chiyambi cha ufumu umodzi, n'kumupempha kuti anene imene akuikhulupirira ndi zifukwa zake. Mafunso otere ndi ovuta kuchonga, popeza alibe yankho limodzi lolembedwa kale pa chikalata cha wochonga, ndipo adzafuna ochonga ophunzitsidwa kuyeza kulimba kwa mfundo, ndi nthawi yochulukirapo pa pepala lililonse. Ndalama ya ntchito imeneyi iyenera kuwerengedwa ndondomeko isanalembedwe.